Bwana akalipirira wantchito, ana amawalipirira ndani?

Munthu akapeza ntchito kuno ku America, abale kumudzi amafunsa funso limodzi: "Akumakulipirani zingati?" Ife amene takhalitsako timafunsa lina: "Inshuwalansi ya kuchipatala ilipo?" Akayankha kuti ilipo, mitima imakhala pansi, nkhani n'kutha. Ine ndikukana kuti nkhaniyi izithera pamenepo. Pa kampani yaing'ono, akati ilipo, kawirikawiri imakhala ya iwe wekha. Ya mkazi wako, mwamuna wako ndi ana ako ndi nkhani ina, ndipo mtengo wake umatha kudya gawo la malipiro limene munthu sanaliganizire pamene ankavomera ntchitoyo.

Ndimagwira ntchito yowerengera malipiro pa kampani ina yaing'ono ku Indiana, yosamalira anthu okalamba m'makomo mwawo. Tilipo ochepa, osakwana makumi atatu, ndipo ena mwa ife ndi Amalawi, paja dera la South Bend lino Amalawi tilimo ambiri ndithu. Chaka chilichonse, masamba akayamba kuyoyoka m'mitengo, broker, munthu amene amatigulitsa inshuwalansi, amabwera ndi mitengo yatsopano, ndipo ndimakhala nawo pa zokambirana zake ndi mwini kampani. Zikatha, ndine amene ndimagawa mafomu. Ndiye ndimaona nkhope zonse ziwiri, ya bwana akamayang'ana mitengo, ndi ya wantchito akamayang'ana zimene azidulidwa.

Inu amene mukuwerenga muli kumudzi, mwina zikudabwitsani kuti nkhani ya chipatala ikulowa bwanji m'manja mwa bwana. Kwathu ukadwala umapita ku chipatala cha boma osalipira, ngakhale nthawi zina amakuuza kuti mankhwala ukagule wekha, ndipo za MASM ndi za anthu ochepa a ntchito zolembedwa. Kuno kulibe chipatala chaulere cha aliyense. Okalamba oyambira zaka 65 ali ndi Medicare, ovutika ali ndi Medicaid, ndipo zonse ziwirizi zinayamba mu 1965. Koma anthu ambiri amsinkhu wogwira ntchito amadalira inshuwalansi ya kuntchito. Bungwe la KFF, limene limafufuza nkhaniyi chaka ndi chaka, linapeza kuti mu 2024 anthu pafupifupi 154 miliyoni osakwana zaka 65 ankadalira inshuwalansi yotereyi. Palibe amene anakhala pansi n'kukonza kuti zikhale chonchi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lamulo la mu 1942 linamanga manja makampani kuti asamakweze malipiro mmene afunira, ndiye posowa chokopera antchito anayamba kuwapatsa inshuwalansi. Mu 1954 lamulo la misonkho linatsimikiza kuti ndalama zimene bwana walipira pa inshuwalansi ya wantchito zisamadulidwe msonkho. Dongosololi linakulira m'mafakitale a galimoto ndi azitsulo, a antchito masauzande ambiri. Kagalaja ka anthu ochepa kapena lesitilanti ya banja limodzi sizinali m'maganizo mwa aliyense.

Fomu imene ndimagawa ili ndi mizere inayi. Woyamba ndi wa wantchito yekha. Wachiwiri, wantchito ndi mkazi kapena mwamuna wake. Wachitatu, wantchito ndi ana. Wachinayi, banja lonse. Kumapeto kwa mzere uliwonse kuli ndalama imene izidulidwa pa malipiro. Mzere woyamba umasangalatsa, chifukwa pa makampani ena ang'onoang'ono pamalembedwa ziro. Maso akatsikira pa mzere wachinayi m'pamene munthu amakhala chete.

Ziwerengero za KFF za mu 2024 zimafanana ndi zimene ndimaona pa desiki panga. Chaka chimenecho inshuwalansi ya kuntchito ya munthu mmodzi inkadya pafupifupi madola 8,951 pachaka, pamene ya banja inali madola 25,572. Pofika 2025 ya banja inali itafika pa madola 26,993. Pa ndalama ya banja ya mu 2024 ija, wantchito wa pa kampani yaikulu ankalipirapo yekha madola 5,697, koma wa pa kampani yaing'ono ankalipira madola 7,947. Kusiyana kwake ndi madola 2,250 pachaka. Chodabwitsa n'chakuti pa mzere woyamba uja makampani ang'onoang'ono ndi amene amaoneka owolowa manja. Antchito ambiri amene bwana amawalipirira ndalama yonse ya munthu mmodzi amapezeka m'makampani ang'onoang'ono, pamene m'makampani akuluakulu zimenezi n'zosowa. Koma ndi m'makampani ang'onoang'ono momwemo mmene mumapezeka anthu ochuluka olipira okha zoposa theka la mtengo wa banja. Ndiye pali deductible, ndalama imene umayamba walipira wekha kuchipatala inshuwalansi isanayambe kuthandiza mokwanira: mu 2024, ya munthu mmodzi inali pafupifupi madola 2,575 m'makampani ang'onoang'ono, ndi madola 1,538 m'makampani akuluakulu. Tisaiwalenso kuti m'kafukufuku wa chaka chimenecho kampani yaing'ono inali ya antchito kuyambira 3 mpaka 199, ndipo mwa makampani oterewa ndi theka chabe kapena kupitirira pang'ono amene amapereka inshuwalansi n'komwe.

Tiyeni tichite masamu ndi mitengo yomweyo. Tiyerekeze kuti bwana walonjeza kulipira ndalama yonse ya wantchito, koma pa banja saikapo kanthu. Pa madola 25,572 tikachotsa madola 8,951, patsala madola 16,621. Pamwezi ndi madola 1,385. Munthu wolandira madola 18 pa ola, wogwira maola 40 pa sabata chaka chonse, amapeza madola 37,440 asanadulidwe msonkho. Ndiye kuti pa madola 100 alionse amene wavutikira, madola 44 apita ku inshuwalansi, lendi asanalipire, galimoto asanathire mafuta, kumudzi asanatumize kalikonse. Ndipo uyu ndi bwana amene antchito amamutama kuti ndi wabwino.

Mayi wina, Mmalawi mnzathu, anabwera pa desiki panga m'mawa wina atanyamula kapepala ka malipiro ake oyamba a chaka chatsopano. Anali atavala yunifomu, akuchokera kokasambitsa gogo wina wachizungu, m'manja muli makiyi a galimoto. Anakaika kapepalako patsogolo panga n'kuloza mzere umodzi ndi chala.

"Achemwali, taonani apa. Kapena kompyuta yanu yadula kawiri?"

Ndinayang'ana. Sinadule kawiri. Iwo anasankha mzere wachinayi polembetsa pa foni, ndipo ndalama imene anaiona anaiyesa ya pamwezi, chonsecho inali ya pa malipiro alionse, ndipo ife timalandira pakatha masabata awiri alionse.

"Ayi achemwali, ndi momwemo. Imeneyi muzidulidwa nthawi iliyonse mukalandira."

Anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kuwerengetsa chamumtima. "Ndiye ikufanana ndi lendi yathu imene. Ndichotseni pa mzere wa banja, nditsale ndekha."

Apa m'pamene panandiwawa, chifukwa kuwachotsa sikunatheke. Ndalama zimenezi zimadulidwa msonkho usanawerengedwe, ndipo malamulo a msonkho salola kusintha zimene wasankha chaka chili mkati, pokhapokha pachitike chinthu chachikulu monga kubadwa kwa mwana, ukwati, kutha kwa banja kapena kuluza inshuwalansi ina. Mayi aja anasenza katunduyo chaka chathunthu, n'kumatenga mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu kuti akwanitse. Palibe amene anawanamiza, koma palibenso amene anawauza ndalama ya banja ija tsiku limene ankalembedwa ntchito. Anangouzidwa kuti inshuwalansi ilipo.

Anthu ambiri amaganiza kuti lamulo la Obamacare linathetsa zonsezi. Lamulolo, limene dzina lake lenileni ndi Affordable Care Act, analisaina Barack Obama pa 23 March 2010, ndipo limakakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposa kupereka inshuwalansi kwa antchito ogwira maola 30 pa sabata, apo ayi alipire chindapusa. Makampani amenewa ayeneranso kutsegulira khomo ana a wantchito mpaka atakwanitsa zaka 26. Koma lamulo limangoti ana aloledwe kulowa, silinena kuti bwana awalipirire, ndipo mkazi kapena mwamuna wa wantchito silimutchula n'komwe. Kampani ya antchito osakwana 50 siikakamizidwa chilichonse. Ikafuna yokha kugula inshuwalansi ya gulu, makampani a inshuwalansi ndi amene amaika malamulo awo, ndipo lofala kwambiri n'lakuti bwana alipire theka kapena kuposa la mtengo wa wantchito yekha. Pa ana ndi pa mkazi nthawi zambiri safunsa kanthu. Ngakhale ku Hawaii, kumene kuyambira mu 1974 lamulo limati bwana aliyense apereke inshuwalansi kwa wantchito wogwira maola 20 pa sabata, ndipo wantchitoyo asadulidwe zoposa 1.5 peresenti ya malipiro ake, chitetezo champhamvucho chinalunjika pa wantchito mwiniyo.

Sindikufuna kuti muone ngati eni makampani ang'onoang'ono ndi anthu ouma mtima. Ndawaona abwana athu atagwira tsaya, kalata ya mitengo yatsopano ili patebulo. Kampani ya antchito khumi, pa mitengo ya mu 2024 ija, ikufunika madola 89,510 pachaka kuti ilipirire antchito okha. Onse khumiwo atakhala ndi mabanja, bwana n'kufuna kulipira zonse, ndi madola 255,720. Kampani yonga yathu, imene ndalama zake zambiri zimachokera ku Medicaid pa mtengo woikidwa ndi boma, siingadzuke m'mawa n'kukweza mitengo kuti ikwirire dzenje limeneli. Pa inshuwalansi ya magulu ang'onoang'ono, mtengo umawerengedwa munthu ndi munthu potengera zaka zake. Wachikulire akhoza kulipitsidwa mpaka katatu poyerekeza ndi wachinyamata, ndipo mwana aliyense ali ndi mtengo wake, kungoti amawerengera ana atatu okha akuluakulu mwa osakwana zaka 21. Kampani yaikulu imamwaza mtengowu pa anthu masauzande, ndipo zambiri mwa izo zimalipira zokha mabilu a kuchipatala a antchito awo. Yaing'ono imagula pa mtengo umene yauzidwa.

Palinso chifukwa china chimene antchito sachidziwa. Makampani a inshuwalansi amafuna kuti antchito ambiri alowe, kawirikawiri pafupifupi 70 mwa 100 alionse oyenera kulowa, poopa kuti angalowe odwala okhaokha. Njira yachidule yokopera achinyamata athanzi, amene saona chifukwa cholipirira inshuwalansi, ndiyo kutsitsa mtengo wa mzere woyamba mpaka ziro. Ndalama zonse za bwana zimathera pamenepo. Boma linaikako thandizo la msonkho la makampani a antchito osakwana 25 olandira malipiro otsika, lofika mpaka theka la zimene bwana walipira, koma limaperekedwa kwa zaka ziwiri zokha zotsatizana, ndipo limafuna kuti inshuwalansiyo igulidwe kudzera pa msika wa boma wa SHOP. Eni makampani ambiri amene ndimawadziwa amangolisiya.

Kwa zaka zingapo panalinso msampha wina woipa. Msika wa boma wa inshuwalansi, umene kuno ku Indiana timaupeza pa HealthCare.gov, unayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo boma limathandiza anthu opeza zochepa kulipira mtengo wa pamwezi. Koma amene ali ndi inshuwalansi ya kuntchito yoti angaikwanitse salandira thandizolo. Vuto linali lakuti poyeza ngati banja lingakwanitse, ankangoyang'ana mtengo wa wantchito yekha. Ndiye bwana akalipirira wantchito ndalama yonse, banja lonse linkawerengedwa kuti lili bwino, ngakhale mzere wachinayi ukudya theka la malipiro. Kukoma mtima kwa bwana kunkatsekera mkazi ndi ana khomo la thandizo. KFF inapeza kuti anthu oposa 5 miliyoni anali mumsampha umenewu. Boma la Joe Biden linakonza lamuloli mu October 2022, ndipo kuyambira January 2023 amayang'ana mtengo wa banja lonse. Mu 2025 malire anali 9.02 peresenti ya ndalama zimene banja limapeza. Kwa banja lopeza madola 37,440 lija, ndiye kuti chaka chimenecho mzere wa banja ukaposa madola 281 pamwezi, mkazi kapena mwamuna ndi ana ankatha kukafuna thandizo ku msika wa boma. Amalawi ambiri amene ndimacheza nawo ku tchalitchi sanamvepo za kusinthaku. Anakanizidwa kale kamodzi, ndipo sanabwererekonso.

Mayi aja a kapepala ka malipiro, chaka chotsatira anatsala pa mzere woyamba. Ana, amene anabadwira konkuno, anawalembetsa ku Hoosier Healthwise, ndondomeko ya Indiana ya ana ndi amayi oyembekezera, ndipo bambo anakagula yawo ku msika wa boma. Ndalama zinapepuka ndithu. Koma banja limodzi lili ndi makadi a mitundu itatu, madokotala osiyana, ndipo bambo ndi mayi aliyense ali ndi deductible yake. Munthu wogwira shifiti ya usiku amayenera kukumbukira kuti kadi iti imagwira pa chipatala chiti.

Kwa ife obwera pali zina zowonjezera. Munthu wamkulu wa green card, chilolezo chokhazikika kuno, kawirikawiri amadikira zaka zisanu asanaloledwe pa Medicaid, malinga ndi lamulo la mu 1996, ndipo wopanda mapepala saloledwa kugula pa msika wa boma ngakhale ndi ndalama zake. Komanso banja limene fomu imalidziwa ndi laling'ono kuposa limene ife timalera. Amayi akabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza kulera khanda, salowa pa mzere uliwonse mwa inayi ija. Mwana wa malemu achimwene amene wamutenga n'kumamulera ngati wako salowa, pokhapokha khoti litakupatsa mapepala. Ndaonapo anthu akusonkherana pa WhatsApp chifukwa cha gogo amene anagwa m'bafa ali kuno kocheza, wopanda inshuwalansi iliyonse.

Maganizo anga pa zimene bwana wamng'ono angachite ndi awa, ndipo ndinawauza abwana athu maso ndi maso. Ndalama ndi zochepa, inde, koma kagawidwe kake n'kosankha. Tibwerere ku kampani ya antchito khumi ija. Bwana atati azilipira 80 peresenti ya mtengo wa wantchito m'malo mwa yonse, aliyense azidulidwa pafupifupi madola 149 pamwezi, ndipo kampani ipulumutsa pafupifupi madola 17,900 pachaka. Ngati atatu mwa khumiwo ali ndi ana, aliyense wa iwo angathandizidwe ndi ndalama zoyandikira madola 500 pamwezi, bwana osaonjezera ngakhale dola imodzi. Ndikudziwa kuti wopanda ana adandaula, ndipo dandaulo lake n'lomveka, chifukwa madola 149 kwa munthu wa malipiro ochepa si masewera. Komabe makampani akuluakulu amagawa chonchi, ndipo n'chifukwa chake anthu a mabanja amathawira kumeneko. Ife tataya antchito abwino, odziwa kugwira okalamba mwachifundo, amene anapita ku zipatala zikuluzikulu ndi ku mafakitale a ku Elkhart, mzinda woyandikana nafe, osati chifukwa cha malipiro a pa ola koma chifukwa cha mzere wachinayi. Kuphunzitsa munthu watsopano nakonso kumadya ndalama, kungoti sikubwera ndi kalata ya mitengo.

Koma ndisanamize kuti yankho ndi limodzi pa kampani iliyonse. Kumene antchito ambiri amalandira zochepa, ana awo amakhala oyenera kale Medicaid kapena CHIP, ndondomeko ya ana imene inayamba mu 1997, ndipo bwana akaikapo ndalama zongokwana kutsitsa mtengo wa banja kufika pansi pa malire aja, akhoza kulitsekera banjalo thandizo la boma limene likanakhala lalikulu kuposa lake. Pamenepo chanzeru n'kubweretsa munthu wodziwa kulembetsa anthu pa msika wa boma, akhale pansi ndi banja lililonse. Palinso njira yoti bwana asagule inshuwalansi ya gulu koma azibwezera antchito ndalama zimene agulira yawo, popanda msonkho. Ina imatchedwa QSEHRA, ya makampani a antchito osakwana 50, imene inakhazikitsidwa mu December 2016, ndipo mu 2025 inkalola mpaka madola 6,350 kwa munthu mmodzi ndi madola 12,800 kwa banja. Ina ndi ICHRA, imene inayamba mu January 2020. Nazo zili ndi minga yake, chifukwa zimachepetsa kapena kuchotsa thandizo la boma, ndiye zimafunika kuwerengetsa banja ndi banja. Chimene chimandipweteka ine si bwana amene wawerengetsa n'kupeza kuti sangathe. Ndi bwana amene sanafunsepo kuti mwa antchito ake ndani ali ndi ana, n'kungosaina zimene anasaina chaka chatha.

Abwana athu za 80 peresenti sanavomere. Anati, "Mayi, anthu amene ndinayamba nawo kampaniyi ndinawalonjeza kuti sadzalipira kanthu. Ndiwayang'ana bwanji?" Ndinawamvetsa, ngakhale sindinagwirizane nawo. Chimene anavomera n'chakuti aliyense wofunsira ntchito azipatsidwa pepala la mizere inayi ija asanavomere, ndalama zake zitalembedwa za pamwezi komanso za pa malipiro alionse, ndiponso kuti wantchito wa banja azipatsidwa ola la kampani lokakumana ndi wothandiza kulembetsa pa msika wa boma.

Inu amene mukufunsira ntchito pa kampani yaing'ono, pepala limeneli mukhoza kulipempha nokha, ndipo si chipongwe. Funsani kuti kampani imalipira zingati pa inu, zingati pa ana, zingati pa akunyumba kwanu. Funsani kuti deductible ya banja ndi zingati, ndiponso kuti inshuwalansiyo iyamba liti, chifukwa lamulo limalola kuti mudikire mpaka masiku 90. Akakupatsani chikalata chotchedwa Summary of Benefits and Coverage, dziwani kuti chimafotokoza zimene inshuwalansi imalipira kuchipatala, koma ndalama imene muzidulidwa pa malipiro simupezamo. Imeneyo ili pa pepala lina, ndipo muyenera kuliona musanasiye ntchito imene muli nayo.